Kugawana ntchito yokweza otsalira pa yunivesite: malangizo kwa amene mwaisenza

Tsiku limene ndinapatsidwa ntchitoyi panalibe kalata. Msonkhano wa akuluakulu a maofesi unali utatsala pang'ono kutha, anthu atayamba kale kupinda malaputopu, pamene wapampando anaona kuti pamndandanda patsala mfundo imodzi. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Amayi, izi za jenda ndi za olumala muzitiyang'anirako ndinu." Onse anagwedeza mitu mwansangala poona kuti katunduyo wawalambalala. Mkazi m'chipindamo ndinali ndekha, ndipo chifukwa chondisankhira chinali chomwecho basi.

Patatha chaka a Council, bungwe lalikulu loyang'anira yunivesite, anafuna lipoti. Ndinayenda ofesi ndi ofesi ngati wopempha mchere, ndipo paliponse yankho linali limodzi: "Si zanu kodi zimenezo?" Olemba ophunzira anati iwo amangotsata mapointi. Olemba antchito anati iwo amangolandira dzina limene dipatimenti yasankha. A zachuma anati palibe amene anawapempha ndalama. Onsewo sananame. Ntchito imene makiyi ake ali m'matumba a anthu khumi inali itaikidwa pamutu pa munthu mmodzi wopanda kiyi ngakhale imodzi.

Ndikulembera anzanga ogwira ntchito m'maofesi a mayunivesite ndi makoleji muno mu Harare, makamaka ife olankhula Chichewa, zidzukulu za anthu amene anabwera kudzagwira ntchito m'mapulazi, m'migodi ndi m'mayadi a azungu. Ntchito imene m'mapepala amaitcha affirmative action, yotsegulira dala njira anthu amene anatsekeredwa kunja kwa nthawi yaitali, ikatigwera imatikhudza pawiri: ndife oiyendetsa, komanso ana akwathu ali m'gulu la oiyembekezera. Agogo anga ankatchetcha kapinga m'mayadi a ku Mount Pleasant nthawi imene yunivesite ya kumeneko inkatchedwa University College of Rhodesia and Nyasaland. Dziko lawo linali m'dzina la sukuluyo, koma mwa ana awo onse palibe amene anakhalapo m'kalasi ya pamenepo.

1. Musanaitane msonkhano, werengani mapepala

Khalani pansi ndi malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a 2013. Sipafunika uloya, poti magawo amene mudzawatchule kawirikawiri ndi ochepa. Gawo 56 limaletsa tsankho, koma ndime yake ya 6 imapitirira apo: imalamula boma kuchitapo kanthu poteteza ndi kukweza anthu amene anatsalira chifukwa cha tsankho, ndipo imanena kuti zochita zoterezi zisatengedwe ngati kukondera. Ndime imeneyi muiloweze pamtima, chifukwa mudzaifuna tsiku limene wina adzakuimikeni pakhonde. Gawo 17 likunena za kufanana kwa chiwerengero cha amuna ndi akazi m'mabungwe a boma. Gawo 83 ndi la ufulu wa anthu olumala, kuphatikizapo zipangizo zowathandiza pa maphunziro. Gawo 6 lili ndi zinenero 16 zovomerezeka, ndipo Chichewa ndi chinenero chamanja zili momwemo.

Za antchito zili mu Labour Act. Gawo 5 limaletsa kusankha munthu polengeza ntchito, polemba kapena pokweza chifukwa cha mtundu, kumene anachokera, kukhala mwamuna kapena mkazi, kukhala ndi pakati, kachilombo ka HIV kapena kulumala.

Mukatha apo fufuzani za pakhomo panu. University of Zimbabwe inayamba mu 1995 kulandira atsikana amene mapointi awo a A Level achepa ndi awiri poyerekeza ndi malire a anyamata. Pa mawerengedwe amene A ndi mapointi 5, B ndi 4, mpaka E amene ndi 1, ndipo maphunziro atatu sapitirira 15, mapointi awiri si kanthu kakang'ono. Ngati panu pali lamulo longa limeneli, pezani pepala lenilenilo, muone kuti analivomereza ndani, liti, ndipo likugwira pa maphunziro ati. Kwathu aliyense ankalitchula, koma anthu atatu amene ndinawafunsa anandiuza zinthu zitatu zosiyana. Pepalalo linapezeka m'kabati ya mayi wina amene kale ankalemba maminitsi a Senate, bungwe logamula za maphunziro pa yunivesite, litapanikizika pakati pa mafayilo a mayeso.

2. Gwirizanani kuti otsalirawo ndani, kenako awerengeni

Apa musathamange. Anthu ambiri akamva nkhaniyi amaganiza za akazi okha, ndipo akaona kuti atsikana adzaza pabwalo amati ntchito yatha. Chiwerengero cha yunivesite yonse chimabisa zambiri. Chiphwanyeni fakote ndi fakote (fakote ndi gulu la madipatimenti a maphunziro ofanana), muone ngati amene adzaza ku maphunziro a uphunzitsi ndi zachikhalidwe aliponso ku uinjiniya ndi makompyuta. Musawerenge olowa okha. Werengani ofunsira malo, opatsidwa malo, amene anabweradi kudzalembetsa, amene anasiyira panjira, ndi amene anavala gauni. Pamene pakutayikira anthu ambiri ndi pamene pali ntchito yanu. Kwa antchito chitani chimodzimodzi, kuyambira osesa ndi alonda mpaka mapulofesa, chifukwa nthawi zambiri akazi amachuluka pansi n'kumachepa mukamakwera.

Kenako pali magulu amene mafomu athu sawaona: ophunzira olumala, ochokera m'sukulu za m'mapulazi ndi za kumidzi zopanda labotale, oyamba m'banja mwawo kufika pa yunivesite, ndi opanda mapepala okwanira. Gulu lomalizali ndi lathu kwambiri, ndiye ndikhalapo pang'ono.

Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, anthu ambiri obadwira muno amene makolo awo anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique anapezeka kuti si nzika, ndipo zitupa zawo zinkawasonyeza kuti ndi alien, kutanthauza mlendo. Malamulo a 2013 anakonza zimenezi mu gawo 43: munthu wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanasindikizidwe, amene kholo lake limodzi kapena onse anali nzika za dziko la mu SADC, ndipo iye mwini ankakhala muno pa tsiku limene anasindikizidwa, ndi nzika mwa kubadwa. Koma lamulo likasintha ku Nyumba ya Malamulo silifika lokha pa tebulo la kalaliki. Ndinaonapo mtsikana wa ku Mabvuku, wokhoza bwino, atabwera ndi bambo ake kudzalembetsa. Kalaliki anaona chitupa chakale cha bamboyo n'kuika mwanayo pa mndandanda wa ophunzira akunja, amene fizi yawo ndi yokwera. Bamboyo anayang'ana pepala la fizi, analipinda kanayi, analiika m'thumba la jekete, n'kuuza mwana wake motsitsa mawu m'Chichewa kuti, "Tiye, mwanawe, tikaganizire kunyumba." Ndikanapanda kumva Chichewacho ndikudutsa, mwanayo akanangowerengedwa m'gulu la opatsidwa malo amene sanabwere. Kalalikiyo sanali woipa mtima. Palibe amene anamulemberapo chochita akakumana ndi chitupa chotere.

Mukamawerenga gulu limeneli musafunse mtundu pa fomu. Ambiri akwathu anakula akutchedwa mabwidi, ena anatenga mayina a Chishona kuti apume, ndipo sadzalemba kuti ndi Achewa kapena Ayao pa pepala la ofesi. Funsani chimene chikutsekereza: ali ndi setifiketi yakubadwa kapena ayi, anaphunzira sukulu yotani, kwawo alipo anafikapo pa koleji. Nkhani za thanzi ndi kulumala muzifunse munthu atavomera yekha, muzisunge motsekera, ndipo m'malipoti muziika ziwerengero zopanda mayina. Lamulo la Cyber and Data Protection Act la 2021 likukukhudzani pamenepa.

3. Duladulani ntchitoyo, chidutswa chilichonse chipite kwa wosunga kiyi yake

Pamaliro a kwathu palibe amene amafunsa kuti akumbe manda ndani. Adzukulu amadziwika, amayi a kumoto amadziwika, wolandira chipepeso ali ndi kope lake, ndipo mwini mbumba sagwira khasu koma amadziwa amene sanafike. Ntchitoyinso muigawe chomwecho. Musayambitse ofesi yatsopano yoti ichite zonse. Funsani kuti chinthu chilichonse chimachitikira kale pa tebulo la ndani, ndipo udindo wokonza chinthucho upite pomwepo.

Kulandira ophunzira ndi kwa a Registrar ndi ofesi yawo yolembetsa. Iwo ndiwo aonetsetse kuti malire a mapointi akutsatidwa monga analembedwera, kuti fomu ili ndi malo onenapo za kulumala, ndiponso kuti makalaliki ali ndi malangizo olembedwa a zitupa ndi unzika. Tsamba limodzi ndi lokwanira, lomatidwa pamene kalaliki angalione. Ntchito yokauza anthu kuti khomo ndi lotseguka ikhalenso yawo pamodzi ndi ofesi yofalitsa nkhani. Chidziwitso cha pa intaneti chimafika kwa amene ali nazo kale. Amene mukuwafuna mukawapeza kudzera kwa aphunzitsi aakulu a ku Epworth, Dzivaresekwa ndi m'mapulazi a ku Mazowe, m'mipingo ya CCAP ya Sinodi ya Harare, m'mizikiti ndi m'magulu othandizana pamaliro, zotsatira za mayeso a bungwe la ZIMSEC zisanatuluke.

Kulemba ndi kukweza antchito ndi kwa ofesi yoona za antchito, koma apa pali msampha. Iwo amasunga mafayilo, pamene kusankha kwenikweni kumachitikira ku dipatimenti. Choncho gawani pawiri. Ofesiyo iyankhe za mmene ntchito yalengezedwera, amene akhala pa intavyu, mafunso ofanana kwa onse, ndi pepala lolembedwa chifukwa chimene wina watengedwera ndipo wina wasiyidwira. A Dean, amene ndi mkulu wa fakote, pamodzi ndi wapampando wa dipatimenti ayankhe za amene aikidwa pa mndandanda wa oitanidwa, za kagawidwe ka makalasi, ndi za amene akutumizidwa kukachita maphunziro apamwamba. Mayi akapita ku tchuthi cha uchembere cha masiku 98 chimene lamulo limapereka, wapampando ndiye aonetsetse kuti makalasi ake agwiridwa ndi wina, osati kumusungira mulu wa mapepala oti adzachonge akabwerako.

Malo ogona, ophunzira oyembekezera kapena oyamwitsa, ndi amene njala yawapanikiza, ndi za Dean wa ophunzira. Ngati mabedi ndi ochepa, ndipo ndi ochepadi, palembedwe kuti oyamba kupatsidwa ndani. Mtsikana wokwera makombi awiri kuchokera ku Chitungwiza, amene kalasi yake imatha kutada, ndi wosiyana ndi amene amatsitsidwa pageti ndi galimoto ya kunyumba.

Ofesi ya zomangamanga imaiwalika nthawi zonse, chonsecho ndi imene imasunga masitepe, zimbudzi ndi magetsi a panjira. Tinali ndi mnyamata woyenda pa njinga ya olumala amene kalasi yake inali pa nsanjika yachitatu. Chikepe chinalipo, koma magetsi akazima anzake anayi ankamunyamula ndi njinga yomwe, iye atatseka maso, manja atagwiritsa zitsulo. Zinachitika semesita yonse. Ofesi ya olumala inkalemba makalata opempha jenereta, pamene munthu wokonza ndandanda ya makalasi akanatha kusamutsira kalasiyo pansi ndi cholembera chokha. Palibe amene anamuuza kuti nayenso ali ndi gawo. Muikeni pa mndandanda wanu, pamodzi ndi woyang'anira mayeso, amene amapereka nthawi yowonjezera ndi mapepala a zilembo zikuluzikulu kapena a Braille, komanso a laibulale ndi a makompyuta.

Ofesi yothandiza ophunzira olumala, ngati ilipo, ikhale yolangiza ndi kupereka zipangizo. Isasanduke dzala lotayirako chilichonse chimene chili ndi mawu akuti kulumala.

4. Pa ntchito iliyonse pakhale dzina limodzi, ndipo lilembedwe

Mbewa zikachuluka siziika masa. Mukalemba kuti "fakote ionetsetse" kapena "onse okhudzidwa," mwalemba kuti palibe. Konzani tebulo losavuta: ntchito, mwini wake, womuthandiza, tsiku lomaliza, ndalama zofunika, ndi umboni umene udzasonyeze kuti yachitika. Pa mwini wake lembani udindo wa munthu mmodzi, kuti akachoka wolowa m'malo aipeze ikumudikira. Pa umboni pewani mawu ngati "kulimbikitsa" ndi "kudziwitsa." Lembani chinthu chooneka: malangizo a zitupa amatidwa pa matebulo onse olembetsera, makalasi onse amene muli woyenda pa njinga ali pansi pofika sabata yoyamba.

Musanatumize tebulolo, pitani kwa munthu aliyense pamasom'pamaso. Mkulu wa ofesi akaona dzina lake koyamba pa msonkhano amayamba ndi kudziteteza. Mukamufikira ku ofesi kwake n'kunena kuti, "Bambo, gawo ili ndaona kuti kiyi yake muli nayo ndinu, kodi tsikuli lingatheke?" nthawi zambiri amakonza tsikulo yekha, ndipo tsiku limene wasankha yekha savuta nalo.

Mukatero, makalata atuluke ndi siginecha ya a Vice Chancellor, mkulu wa yunivesite, osati yanu. Izi si zodzichepetsa. Inu simungalamule Dean, ndipo mukayesa mudzangopeza adani. Gawo la aliyense lilowenso mu pepala limene amamuyezera ntchito pachaka. Chimene sichiyezedwa pa nthawi yokwezana chimachitika anthu akapeza mpata, ndipo pa yunivesite mpata supezeka.

Kalata yanu inuyo muifunsenso. Inene kuti ntchito yanu ndi kulondoloza, kusonkhanitsa ziwerengero ndi kulemba lipoti, kuti muli ndi ufulu wopempha ziwerengero ku ofesi iliyonse, ndiponso kuti ntchito zanu zina zachepetsedwa ndi zingati. Akakana kuchepetsa, dziwani kuti akupatsani dzina chabe.

5. Komiti ikhale yaing'ono ndipo ikhale ndi khomo lolowera kwa akuluakulu

Anthu asanu ndi awiri kapena asanu ndi anayi akwana. Wapampando akhale Pro-Vice Chancellor, wachiwiri kwa mkulu wa yunivesite, kapena wina wa msinkhu umenewo, woti akaimba foni anthu amadzuka pampando. Inu mukhale mlembi. Muikemo eni magawo akuluakulu aja, woimira ophunzira wochokera ku bungwe lawo la SRC, woimira antchito, ndi munthu wolumala wodzilankhulira yekha. Amuna akhalemo, ndipo osati mmodzi wokongoletsa. Komiti ya akazi okhaokha anthu amaitcha "ya amayi aja" ndipo zonena zake zimathera pakhomo.

Chofunika koposa ndi kumene komitiyo imapereka lipoti. Za maphunziro zipite ku Senate, za antchito ndi ndalama zipite ku Council, ndipo nkhaniyi ikhale ndi malo ake okhazikika pa mndandanda wa zokambirana, osati kumapeto pa nkhani zina ndi zina pamene anthu akuganiza za nkhomaliro. Letsaninso chizolowezi chotumiza nthumwi yosiyana pa msonkhano uliwonse. Munthu amene wangouzidwa pakhonde kuti "kandikhalireko" sangalonjeze kanthu.

Pali kachinthu kena kamene ndinachedwa kukaona. Titalamula kuti pa intavyu iliyonse pakhale mkazi, fakote ina inali ndi mayi mmodzi yekha wa udindo wokwanira. Anakhala pa intavyu iliyonse, komiti iliyonse, mwambo uliwonse, pamene anzake aamuna ankalemba kafukufuku amene amakwezetsa munthu. Lamulo lofuna kukweza akazi linamudyera nthawi yoti akwere. Konzani gulu la anthu angapo ophunzitsidwa, obwerekana pakati pa mafakote, ndipo ntchito ya m'makomiti iziwerengedwa pokweza.

6. Ndalama ndi kalendala

Pitani kwa a Bursar, mkulu wa zachuma, bajeti isanatsekedwe, mutanyamula mndandanda wogawidwa patatu: zosafuna ndalama, zofuna zochepa, ndi zazikulu. Yambani ndi zoyambazo kuti mukhale ndi choonetsa. Ndalama za gawo lililonse zikhale mu bajeti ya mwini gawolo. Njira yotsetsereka ya njinga ikhale mu bajeti ya zomangamanga, womasulira chinenero chamanja mu bajeti ya maphunziro. Mukaziunjika zonse mu thumba limodzi lotchedwa "jenda," chuma chikavuta thumba limenelo ndilo loyamba kudulidwa. Ndipo musamange ntchito yokhalitsa pa ndalama za mabungwe othandiza, chifukwa pulojekiti ikatha ofesi imatsekedwa ndi makatani omwe.

Misonkhano ya komiti muiike motsatira kayendedwe ka chaka: umodzi kulandira ophunzira kusanayambe, wina kalembera atangotha, wina mayeso asanafike, wina pa nthawi ya bajeti. Msonkhano wokambirana za malo ogona mabedi atagawidwa kale ndi wongomwera tiyi.

7. Madandaulo akhale ndi njira yakeyake

Kulowetsa anthu pakhomo n'kuwasiya m'manja mwa owazunza ndi ntchito yopanda pake. Labour Act mu gawo 8 imaika kufuna zachiwerewere kwa wantchito m'gulu la zolakwa za pantchito, koma wophunzira amadalira malamulo a yunivesite yanu, ndiye aonetsetseni kuti alipo ndipo ophunzira a chaka choyamba awamva m'chinenero chomveka.

Pakhale makomo osachepera awiri okadandaulirako, ndipo limodzi likhale kunja kwa dipatimenti ya wodandaulayo. Mtsikana sangakanene mphunzitsi kwa wapampando amene amadya naye nkhomaliro tsiku lililonse. Wolandira dandaulo asakhale yemweyo woweruza. Palembedwe masiku amene yankho liyenera kutuluka, ndipo dandaulo likangolowa, mapepala a mayeso a wodandaulayo achongedwe ndi munthu wina, chifukwa kubwezera kwa pa yunivesite kumabisala m'mamalikisi. Anthu adziwenso kuti kunja kuli Zimbabwe Gender Commission, imene inakhazikitsidwa ndi malamulo a 2013 omwewo, ngati za m'kati zawakanika.

Inu wolondoloza musakhale wofufuza milandu. Ndinayesapo, ndipo kwa miyezi ingapo anthu ankasiya kulankhula ndikalowa m'chipinda cha tiyi. Ziwerengero zimene ndinkafuna kwa iwo zinasiya kubwera.

8. Konzekerani otsutsa, ndipo ena mwa iwo muwamvere

Adzakuuzani kuti mukutsitsa maphunziro. Yankho lake ndi lakuti chimene chasunthidwa ndi khomo lolowera, pamene mayeso otulukira ndi amodzi kwa onse. Mtsikana amene wapeza mapointi 11 akudzuka mbandakucha kukaima pamzere wa pamjigo, kuphikira azing'ono ake, n'kuwerenga ndi tochi ya foni, sanaonetse nzeru zochepa kuposa wa mapointi 13 wa sukulu yogonera komweko. Koma musaime pa mawu okha. Pemphani ofesi ya mayeso ikupatseni, popanda mayina, mmene olowa mwa njira imeneyi akukhozera chaka ndi chaka. Ngati akukhoza, nkhani yatha. Ngati akuvutika pa masamu a chaka choyamba, ndiye kuti fakote ili ndi gawo latsopano lokonza makalasi owonjezera, otsegukira aliyense wofuna.

Mayina a olowa mwa njira imeneyi asafike kwa aphunzitsi. Ndinamvapo mphunzitsi akufunsa mtsikana m'kalasi kuti, "Kapena ndinu a mapointi awiri aja?" Kalasi inaseka, ndipo mtsikanayo sanakwezenso dzanja.

Wotsutsa amene muyenera kumumvera ndi amene adzafunse za mnyamata wa papulazi. Mwana wa wantchito wa pafamu amene makolo ake anasowa pokhala minda itagawidwa kuyambira mu 2000, amene anaphunzira m'shedi ya fodya yosandutsidwa kalasi, angathe kupitiriridwa ndi mtsikana wa ku Borrowdale, dera la olemera, chifukwa cha lamulo loona za akazi okha. Funso limeneli ndi loona, ndipo musalithawe. Ndi chifukwa chake pa sitepe yachiwiri tinawerenga zambiri kuposa amuna ndi akazi. Litengereni ku Senate ndi ziwerengero, iwo agamule ngati pafunika njira ina yoona sukulu imene munthu anachokera. Kugamula n'kwawo, kwanu ndi kuonetsetsa kuti funsolo lafika patebulo.

9. Lipoti, ndi tsiku limene mudzachoke

Eni magawo azitumiza tsamba limodzi pa semesita, pa fomu yofanana: chimene ndinalonjeza, chimene chachitika, chimene chakanika ndi chifukwa chake. Inu muzisonkhanitse, osazikometsa. Pamene munthu sanatumize lembani kuti "sipanabwere lipoti" pafupi ndi udindo wake, ndipo pa msonkhano wa Council aliyense aziimirira yekha kufotokoza gawo lake. Chaka choyamba mipata yotere inalipo inayi. Dean wina anandiimbira usiku kundifunsa ngati sindingalembe kuti lipoti lake "likubwera." Ndinamuuza mwaulemu kuti mapepala apita kale kokasindikiza. Semesita yotsatira lake linali loyamba kufika.

Lipotilo lisathere kwa akuluakulu. Chidule chake chimatidwe pa bolodi, chipite kwa SRC ndi kwa oimira antchito, kuti amene ntchitoyi ikuwakhudza athe kunena kuti, "Apa mwalemba kuti chimbudzi chakonzedwa, koma chitseko chake njinga siilowa."

Pomaliza sungani fayilo imodzi, ya pepala ndi ya pakompyuta, imene si ya pa laputopu yanu: malamulo aja, makalata a maudindo, tebulo la magawo, ziwerengero za chaka chilichonse, maminitsi, ndi tsamba lofotokoza kuti chiwerengero chilichonse chimachokera kwa ndani ndipo chimapemphedwa mwezi uti. Udindo wolondoloza uzisinthana pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo wolowa m'malo mukhale naye semesita imodzi musanamusiyire. Wanga ndi bambo wa ku ofesi ya mayeso. Sabata yatha anandiimbira kufunsa kumene kuli malangizo a zitupa aja, chifukwa makalaliki awiri ndi atsopano ndipo kalembera ayamba Lolemba. Ndinamuuza kuti ayang'ane m'fayilo, kuseri kwa tsamba la gawo 43, ndipo asindikize makope asanu ndi limodzi, poti tebulo la pakona lija analiwonjezera chaka chatha.